Kabuku Kobwerera Nako Kwathu

M'nyumba zambiri za ku Nkolokosa, zija zinamangidwa ndi a Malawi Housing Corporation m'munsi mwa phiri la Soche, muli sutukesi imodzi imene ana saloledwa kuigwira. Imakhala pamwamba pa wadirobu kapena kunsi kwa bedi. M'menemo mumagona masatifiketi a sukulu, khadi la ubatizo, kalata ya ukwati, malisiti a lendi a zaka zam'mbuyo, ndipo pansi penipeni, m'kajumbo komangidwa bwino kuopa chinyontho ndi mphemvu, mumakhala pasipoti. Mwini wake akafunsidwa ngati ali nayo, amayankha msanga kuti ilipo. Akafunsidwa kuti itha liti, amayamba wakanda kumutu. Ndi ochepa amene amasunga tsikulo pamtima. Ocheperapo ndi amene amadziwa kuti kabukuko kamayamba kukanidwa m'zipata tsiku lolembedwamo lisanakwane.

Tiyerekeze mayi wina wa m'dera lomweli, mphunzitsi wopuma ntchito, amene mwana wawo wamkazi akugwira ntchito ku Durban. Mwanayo wakhala akusunga kandalama chaka chonse kuti awathokoze amayi ake ndi ulendo wa pa sitima zikuluzikulu zija za kampani ya MSC, zimene kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo zimanyamuka padoko la Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, n'kubwerera patapita masiku atatu kapena anayi. Ulendo ndi wa mu Disembala. Pasipoti ya mayiwo ikusonyeza kuti idzatha mu Epulo. Akwera ndege pa Chileka, alowa mu South Africa bwinobwino, pakuti lamulo la kumeneko limangofuna kuti pasipoti itsale ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku limene mlendo ayenera kutuluka m'dzikomo, komanso kuti mukhale masamba osadindidwa. Pakhomo la sitima nkhani isintha. Woyang'ana zikalata atembenuza tsamba, awerenga miyezi ndi chala, apukusa mutu. Kuno pamafunika miyezi 6. "Mwanawe, tawauza awonenso bwino, pasipotiyi sinathe ayi," akutero mayiwo, ndipo sakunama. Pasipotiyo sinathedi. Komabe sitima inyamuka iwo ali pamtunda, chikwama chili m'manja.

Womva nkhani yotere amayamba wapsa mtima, ndipo ali ndi chifukwa. Pasipoti ya munthu wamkulu ku Malawi imalipiridwa kuti igwire ntchito zaka 10, ndiye wina wakunja aidulirenji theka la chaka? Chinthu chingakhale bwanji chamoyo m'manja mwa mwini wake, n'kukhala chakufa m'manja mwa mlonda wa pachipata? Funsoli likuoneka ngati la m'maofesi, koma wolifukula amapeza kuti lakhudza nkhani imene abusa, ansembe ndi mashehe amalimbana nayo mlungu ndi mlungu: kodi munthu amayesedwa ndi mmene alili lero, kapena ndi mmene adzakhalire ulendo ukadzatha? Nanga masiku a pa pepala akatha, mwini pepalayo watsala ndi chiyani?

Mayiko sagwirizana pa kuchuluka kwa masiku otsalawo. Mozambique, Tanzania ndi Kenya amafuna miyezi 6. Saudi Arabia nayonso imafuna miyezi 6, zimene Msilamu aliyense wokonzekera Haji amauzidwa asanapereke n'komwe ndalama ya ulendo. Mayiko a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen amafuna miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka, ndipo pasipotiyo ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazo. Sitima ya alendo imakocheza m'mayiko angapo pa ulendo umodzi, choncho eni ake amangotola lamulo lolimba kuposa onse n'kuliika pakhomo. Amadziwanso kuti dziko likakana mlendo, udindo womubweza umagwera iwo amene anamunyamula.

Amalawi ambiri sitima amaidziwira pa Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Wokwera Ilala kupita ku Likoma kapena ku Chizumulu amadutsa m'madzi a Mozambique, koma safunsidwa pasipoti chifukwa zilumbazo ndi nthaka ya Malawi. Ngakhale zili choncho, wokwera Ilala wozolowera sanyamula kamba wa tsiku limodzi. Amadziwa kuti mwera ukawomba, kapena katundu akachuluka padoko, nthawi yolembedwa pa bolodi imangokhala chiyembekezo chabe. Madzi salonjeza tsiku lofika.

Zimenezi si zachilendo kwa owerenga Baibulo. Chakumapeto kwa buku la Machitidwe a Atumwi kuli ulendo wa Paulo wopita ku Roma pa ngalawa imene inanyamula anthu 276. Namondwe anawakankha masabata awiri osadziwa kumene ali, ngalawa inasweka, ndipo anakhala miyezi itatu pa chilumba cha Malta chimene panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi cholinga chopondapo. Masiku athu ano zinachitikanso. Mu Febuluwale 2020 sitima ya Diamond Princess inatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anapezeka ndi Covid-19. Pofika Sepitembala chaka chomwecho, bungwe la United Nations loona za maulendo a panyanja linkanena kuti ogwira ntchito m'sitima pafupifupi 400,000 anali atakanirira panyanja, makontirakiti awo atatha kalekale, kulibe doko lowalola kutsika. Miyezi 6 ija imaikidwa poganizira zoterezi. Woyang'ana zikalata sakayika zoti mlendo ali bwino lero. Chimene akufunsa n'chakuti, mlendoyu akadwala n'kugonekedwa m'chipatala cha dziko la eni, kapena zipata zikatsekedwa, adzakhala ndi chobwerera nacho kwawo?

Pamenepa ndi pamene pali phata la nkhani. Anthu amapangitsa pasipoti maso ali kunja, ndipo amaitchula kuti chiphaso choyendera, koma mphamvu yake yeniyeni ili pa kubwerera. Dziko lolandira mlendo limatsegula chitseko chifukwa kabukuko kakuliuza kuti munthuyu ali ndi kwawo, ndipo kwawoko adzamulandira. Pasipoti ndi lonjezo la boma lakuti uyu ndi wathu, akatha zake kumeneko mutibwezere. N'chifukwa chake mapasipoti ambiri amayamba ndi mawu opempha eni dziko kuti amulole mwini kabukuko kudutsa ndi kumuthandiza. Kale Nehemiya, pochoka ku Persia kukamanganso malinga a Yerusalemu, anapempha mfumu makalata opita kwa abwanamkubwa a m'njira, ndipo mfumuyo isanamulole inayamba yamufunsa kuti ulendowo utenga nthawi yaitali bwanji ndipo adzabwera liti. Kabuku ka masamba kamene tikukadziwa leroka kanagwirizanidwa mu 1920 pa msonkhano wa League of Nations ku Paris, koma funso la mfumu ija silinasinthe.

Mtundu wathu ukulidziwa funsoli kuposa mitundu yambiri, chifukwa ndife ana a anthu oyenda. Dzina la siteji ya mabasi ya Wenela mu Blantyre linachokera ku bungwe limene linkalemba amuna ntchito za m'migodi ya ku Joni. Ena ankapita ku Rhodesia kudzera kwa Mthandizi, ena ankangonyamuka okha wapansi, ulendo umene unkatchedwa wa selufu. Onsewo moyo wawo unali pa chitupa. Wopanda chitupa m'mizinda ya atsamunda ankagona m'chitolokosi. Wa kontirakiti ankawerengeredwa miyezi, ndipo gawo la malipiro ake ankalilandirira kwawo kuti asaiwale njira. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali paulendo wobwerera kumudzi, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoko. Chichewa chinasula mawu apadera otchulira amene anapita osabwerera: matchona. Mawuwa amawawa chifukwa sanena za munthu wakufa. Amanena za munthu wamoyo amene mkazi wake anakalamba akuyang'ana kumsewu.

Zidzukulu za matchona zinadzaona mbali ina ya nkhaniyi. Ku Zimbabwe, m'migodi, m'mafamu ndi m'makomboni monga Mbare ndi Mufakose mu Harare, munabadwira ana ambiri a makolo ochokera ku Nyasaland, olankhula Chichewa, ovina Gule Wamkulu. Mu 2001 lamulo la unzika la dzikolo linasinthidwa, ndipo ambiri a iwo anapezeka kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira, pomwe ku Malawi ambiri anali asanapondeko ndipo analibe pepala lililonse la kuno. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 ndiwo anawabwezera unzika obadwira komweko kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Kwa zaka zonsezo, anthu amenewa sankasowa masiku otsala m'pasipoti. Ankasowa dziko lonena kuti awa ndi athu.

Kunonso tinakhalapo ndi nthawi imene boma linkatseka njira yobwerera. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, Kanyama Chiume, Henry Masauko Chipembere ndi ena ambiri anathawira kunja. Chipembere anamwalira ku America mu 1975 asanaonenso nyanja ya kwawo ku Mangochi. Chikhululukiro cha othawa kwawo chinabwera mu 1993, ndipo amene analemba malamulo aakulu a dziko a 1994 anaikamo, m'gawo 39, ufulu wa munthu aliyense wotuluka m'dziko muno ndi kubwereramo. Ankalemba akukumbukira maliro amene analiridwa kutali.

Lero ulendo wa ku Joni ukadalipo, ndipo ku Nkolokosa, ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi ku Ndirande n'kovuta kupeza banja lopanda wachibale kumeneko. Wa basi amatuluka pa Mwanza, alowa pa Zobue, awoloka Zambezi pa Tete, atuluka pa Cuchamano, alowa pa Nyamapanda, kenako Beitbridge mbali zonse ziwiri. Ndi zidindo 6 popita, 6 pobwera. Mayi wa geni amene amakaoda katundu mwezi ndi mwezi amadzaza masamba zaka 10 zisanafike n'komwe pakati, ndipo kwa iye pasipoti imatha ndi inki, osati ndi kalendala. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 okhala mu South Africa popanda viza. Malamulo a 2014 amati wopitirira masiku ake ndi masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira kuposa pamenepo aletsedwe zaka zisanu. M'manyumba muno mawu akuti "masiku ake anatha" amanenedwa motsitsa, chifukwa onse akudziwa tanthauzo lake: mnyamatayo sangabwere ku maliro a bambo ake, poopa kuti akatuluka sadzalowanso, ndipo akagwidwa akathera ku Lindela, malo osungira oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp.

Anthu a kuno anaona ndi maso awo mmene kubwerera kumaonekera zinthu zikavuta. Mu Epulo 2015, alendo ataukiridwa ku Durban, mabasi anabweretsa Amalawi pa Kamuzu Stadium, pamtunda woti munthu wa ku Nkolokosa amafikapo wapansi. Mu Meyi 2020, m'nthawi ya Covid-19, mabasi enanso anatsitsa anthu pa bwalo lomwelo. Ambiri mwa otsika mu 2015 anafika ndi zovala za m'thupi zokha. Panalibe amene anawabweza pa Mwanza chifukwa choti mapepala awo anatha kapena anatsala m'nyumba zimene anazithawa. Mmalawi amene pasipoti yake yatha kapena yatayika ali kunja amatha kupita ku ofesi ya kazembe, monga ya ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg, n'kupatsidwa chikalata chapadera cha ulendo umodzi wokha, wopita kwawo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsitsa. Kabuku kamatha, koma umwana wa munthu m'dziko lake sutha. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Ngati pasipoti ili lonjezo la boma, boma liyenera kukhala lokhoza kulisunga, ndipo apa mbiri ya zaka zapitazi ndi yomvetsa chisoni. Mu 2019 boma linasainirana ndi kampani ya Techno Brain mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni wopanga mapasipoti amakono, ndipo mu Disembala 2021 mgwirizanowo unathetsedwa. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza kunaima kotheratu. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo. Ntchito inayambiranso mu Malichi, ndipo mtengo wa pasipoti wamba unatsitsidwa panthawiyo kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. M'masabata amenewo odwala oyenera kukaonana ndi madokotala kunja, ophunzira opeza malo m'mayunivesite akutali, ndi achinyamata olonjezedwa ntchito ankalawirira m'bandakucha kukaima pamzere n'kubwerako chimanjamanja. Pamene pali mzere wautali pamamera madobadoba, ndipo wosauka amalipira kawiri chinthu chimene ndi ufulu wake. N'kosavuta kuuza nzika kuti ikonzekere msanga. Koma amene anakonzekera msanga n'kupeza makina atazima, sangadzudzulidwe kuti anagona.

Boma lomwelo linavomerezapo kuti tsiku la pa khadi si mapeto a munthu. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, ndipo ziphasozo zinali ndi tsiku lothera. Zitayamba kutha zambirimbiri, anthu n'kumavutika kumabanki ndi pogula feteleza wotsika mtengo, boma linalengeza mu 2023 kuti ziphaso zothazo zipitirire kugwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa 2026. Agogo a kumudzi anali atafunsa kale funso loyenera: kodi Umalawi wanga ndiwo watha? Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, oyandikana nawo a Nkolokosa. Masutukesi aja anapita ndi madzi. Opulumuka anafika m'misasa opanda pepala lililonse, ndipo amene anawadziwa anali anansi awo, mafumu awo ndi akulu a mipingo yawo.

Alaliki sanachedwe kuona kuti pasipoti ndi fanizo lokoma. M'matchalitchi a m'makwalala athu, ndiponso m'mabasi a pa Wenela mmene mlaliki amaimirira kupempherera apaulendo basi isananyamuke, mawu akuti pasipoti ya kumwamba amamveka kawirikawiri. "Abale anga, pasipoti yanu ili bwino?" amafunsa motero, anthu n'kuvomera. Fanizoli lili ndi choonadi chake, ndipo lamulo la miyezi 6 limachiunikira bwino kuposa mmene alaliki ambiri amachifotokozera. Pa fanizo la anamwali khumi la pa Mateyu 25, onse khumi anali ndi nyale, onse anafika pa nthawi yake, ndipo onse anagona. Madzulo aja nyale zonse zinali zoyaka. Chinawasiyanitsa ndi mafuta apadera, pakuti mkwati anachedwa. Asanu aja akanafunsidwa dzuwa litangolowa, akanayankha ngati mayi wa padoko la Durban uja kuti nyale yanga sinazime. Chikhulupiriro chongokwanira lero, pamene ntchito ilipo, thupi lili bwino ndipo ana akukhoza kusukulu, chili ngati pasipoti yotsala ndi miyezi inayi. Chimayamba kuoneka kuperewera kwake matenda akatalika, pemphero likachedwa kuyankhidwa, ulendo wa masiku anayi ukasanduka wa miyezi. Pa mfundo iyi mlaliki wa m'basi sakulakwa, ndipo womumvera achita bwino kudzifunsa ngati ali ndi chosungira cha mawa.

Koma fanizoli likakokedwa mopitirira limasokeretsa, ndipo lasokeretsa ambiri. Mlonda wa pachipata amadalira pepala chifukwa samudziwa munthu amene waima patsogolo pake. Akanamudziwa, pepalalo silikanafunika. Mulungu amene Akhristu ndi Asilamu amamupembedza salinso mlendo kwa munthu aliyense, ndipo makolo athu pomutchula kuti Namalenga ankanena zomwezo, kuti wolenga sangaiwale chimene anaumba. Uthenga Wabwino womwewo umene uli ndi anamwali khumi ulinso ndi aganyu olembedwa dzuwa litapendeka amene analandira malipiro ofanana ndi olawirira. Uthenga Wabwino wa Luka uli ndi wachifwamba wopachikidwa pambali pa Yesu, amene analibe ngakhale tsiku limodzi lotsala, koma analandiridwa. Asilamu nawo amaphunzitsa kuti khomo la kulapa limakhala lotseguka mpaka mzimu utafika pakhosi. Ndipo pa Luka 15 pali mtchona weniweni, mnyamata wopita kudziko lakutali, wowononga zonse, wobwerera wopanda kanthu m'manja. Bambo ake anamuzindikira akali patali. Sanamufunse kalata.

Aliyense amene anaonapo mtchona akubwerera kumudzi akudziwa kuti zimatero ndithu. Nkhalamba yotsika basi patatha zaka makumi atatu, Chichewa chake chitasakanikirana ndi zinenero za kumigodi, imafika pabwalo n'kutchula dzina la amayi ake ndi la amalume ake. Amayi achikulire amayang'anitsitsa nkhope, wina n'kuyamba kulira, wina n'kuthamangira mphasa. Pangakhale madandaulo, pangakhale milandu yoti ikambidwe mawa, koma malo ogona amapezeka usiku womwewo, chifukwa mchombo wake unakwiriridwa pamenepo.

N'chifukwa chake zimapweteka mtima mpingo ukasanduka chipata cha Mwanza. Mipingo ili ndi makadi ake ndi makalata ake: khadi la umembala, kalata ya msamuko imene Mkhristu amanyamula pochoka kumudzi kubwera m'tauni, kaundula wa zopereka. Zimenezi n'zothandiza, ndipo mpingo wopanda dongosolo sungasamale nkhosa zake. Koma m'mipingo ina, maliro akagwa, funso loyamba la akulu a mpingo limakhala la khadi. Kodi malemuwa anabweretsa kalata yawo? Kodi ankapereka? Kodi sanadulidwe? Anamfedwa ali m'nyumba ya siwa, kunja kukukambidwa ngati amayi a chigwirizano avale yunifolomu, ngati kwaya iimbe, ngati abusa afike kumanda. Mnyamata amene anakhala zaka 8 ku Cape Town, osatha kubwera chifukwa masiku ake anatha, thupi lake likafika pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ndalama zake zitasonkhedwa ndi anzake pa gulu la WhatsApp, amapezekanso kuti ndi wopanda mapepala kutchalitchi kwawo. Boma la Kaisara lamulola kulowa ndi chikalata cha ulendo umodzi, koma nyumba ya Atate ake ikumuwerengera miyezi. Mpingo uli ndi ufulu wolangiza ndi kudzudzula amoyo. Maliro ndi a otsala, ndipo mayi wolira mwana wake sayenera kulangidwa chifukwa cha kaundula.

Dziko lino lili ndi chifukwa chapadera choopera khadi limene laikidwa pamwamba pa munthu. M'nthawi ya chipani chimodzi, khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika ndi pokwera basi. A Mboni za Yehova, amene anakana kuligula chifukwa cha chikhulupiriro chawo, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 masauzande a iwo anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Anthu amenewa anabadwira kuno, makolo awo anaikidwa kuno, koma kapepala kamodzi kanawasandutsa alendo. Mkulu wa mpingo aliyense amene amagwira kaundula pa tsiku la maliro ayenera kuikumbukira mbiri imeneyi.

Tsono mayi wa padoko uja analakwiridwa kapena analakwa? Sitima sinawalakwire, pakuti nyanja ndi yosadalirika ndipo lamulolo linaikidwa kuti asadzasowe chobwerera nacho. Iwonso sanachite tchimo, anangokhulupirira tsiku limene boma lawo linawalembera. Chimene chinasowa ndi munthu wowauza, ndipo safunsa anadya phula. Makolo athu ankati munthu asananyamuke alawire: apite kwa amalume, kwa mfumu, kwa anansi, anene kumene akupita ndi pamene akuyembekeza kubwera. Polawirapo m'pamene ankauzidwa za mtsinje wodzaza ndi njira ya zilombo, m'pamenenso ankapatsidwa kamba woposa masiku a ulendo. Lero kulawira kwina ndi kufunsa malamulo a dziko lililonse limene ulendo ukadutse, tikiti isanagulidwe. Magulu a mpingo opita ku Namugongo ku Uganda pa chikumbutso cha pa 3 Juni, opita ku Moria ku South Africa pa Pasaka, ndi opita ku Makka, onse ali ndi atsogoleri amene angathe kuyang'ana mapasipoti a anthu awo miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo kutero ndi ubusa ndithu, wosasiyana ndi kuyendera odwala.

Amene ali ndi pasipoti m'sutukesi ku Nkolokosa aitulutse usiku uno, aone tsiku lothera, abwerere m'mbuyo miyezi 6, ndipo tsiku limene apezelo alilembe pa kalendala ya pakhoma. Awerengenso masamba osadindidwa, ndipo aonenso za ana ndi za makolo okalamba amene maso awo sathanso kuwerenga timalemba tating'onoting'ono. Poona mmene mizere yakhala ikutalikira zaka zapitazi, wanzeru ayambe kupangitsa ina chaka chathunthu chisanakwane tsiku lolembedwalo. Ndipo amene ali ndi mbale wake ku Joni amene masiku ake anatha, amuimbire foni amuuze kuti ofesi ya kazembe imapereka chikalata chobwerera nacho, ndi kuti kwawo kuno akumudikira.